Sukulu zatsegulira: zimene mwana wa Fomu 1 akukumana nazo m'kalasi ya Chingerezi

Sabata yotsegulira sukulu pano pa Migowi simuchita kufunsa kalendala. Matelala a m'makhonde amaweruka usiku chifukwa cha mayunifolomu, a kabaza amadutsa atamanga matiresi ndi zidebe kulowera ku sukulu zogonera konko, ndipo amayi amene anasunga thumba la nandolo kudikira kuti mtengo ukwere amangoligulitsa basi, kaya wakwera kaya sunakwere. Nkhani pamsika imakhala imodzi: ndalama. Nsapato, makope, chikwama, ndi zina zonse zimene sukulu yalemba pa kapepala.

Nkhani imene siimveka kawirikawiri ndi ya zimene mwanayo akakumane nazo akakhala pa desiki Lolemba m'mawa, mphunzitsi wa Chingerezi atalowa. Makolo ambiri timaona ngati ntchito yathu yatha mwana akavala yunifolomu n'kutuluka pakhomo. Koma masabata oyamba a Fomu 1 m'kalasi imeneyi ndi amene amaonetsa ngati mwana ayende nawo ulendo wa zaka zinayi kapena azingokhalamo thupi lokha. Ndiye tiyeni tiione bwino nkhaniyi teremu isanapite patali.

Phunziro limodzi lotha kukumanitsa setifiketi

Tiyambe ndi lamulo, poti ena saliganizira mpaka zotsatira zitatuluka. Pa mayeso a MSCE, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndiye kulephera. Kuti munthu alandire setifiketi, pa maphunziro amene wakhoza payenera kukhala Chingerezi. Masamu ukhoza kugwa setifiketi n'kuitenga. Chichewa ukhoza kugwa, Agriculture ukhoza kugwa. Chingerezi ayi. Mwana amene wapeza 2 Masamu, 3 Biology, 3 Geography koma 9 Chingerezi amabwerera kunyumba chimanjamanja, n'kuyamba kufunafuna ndalama zokabwereza. Mayeso a JCE a Fomu 2, amene anachotsedwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021, nawonso amafuna Chingerezi. Ndipo wofuna kulowa yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, imodzi mwa iwo ya Chingerezi. Giredi 7 siikwanira pamenepo ngakhale maphunziro enawo atawala chotani.

Si ku sukulu kokha. Malamulo oyendetsera dziko lino amanena kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana. Mutha kutsutsana nalo lamulo limeneli, ineyonso ndili ndi mafunso anga, koma ndi m'mene zilili lero.

China n'chakuti ku sekondale maphunziro onse, kupatula Chichewa, amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi. Choncho mwana amene Chizungu chikumuvuta sakuvutika ndi phunziro limodzi. Akuvutika ndi History, Physics, Bible Knowledge, zonse, chifukwa zonsezo zikumufika kudzera pa khomo limodzi lomwelo. Mwana wa ku Phalombe safunika kuuzidwa kuti kukokoloka kwa nthaka n'chiyani. Agogo ake anamufotokozera za napolo wa mu 1991, ndipo iye mwini anaona ndi maso ake zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023. Mum'funse m'Chichewa, akulongosolerani mpaka mutatopa. Koma funso likabwera loti "explain two effects of deforestation on steep slopes", amangoyang'ana pepala. Nzeru zilipo, chiyankhulo ndi chimene chatseka.

Njira imene mwanayu wadutsa

Kuti timvetse chimene mphunzitsi wa Fomu 1 amapeza, tione kumene mwanayo akuchokera. Kwa zaka zambiri m'sukulu za boma, Sitandade 1 mpaka 4 ana amaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chikumabwera ngati phunziro chabe, kenako kuyambira Sitandade 5 mabuku onse amatembenukira ku Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti chiziyambira Sitandade 1. Koma amene analowapo m'kalasi ya pulayimale ya kumudzi akudziwa zimene zimachitika: mphunzitsi amawerenga chiganizo m'Chingerezi, n'kuchimasulira m'Chichewa, ana n'kuvomera onse pamodzi. Sindikuwanyoza aphunzitsiwo. Mukakhala ndi chikhamu cha ana m'kalasi imodzi, ena atakhala pansi, palibe njira ina yoti onse atoleko kanthu.

Pofika Sitandade 8, ntchito yonse imakhala ya mayeso. Ana amaloweza manotsi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo mafunso ambiri amakhala osankha yankho pa A, B, C ndi D. Mwana wochenjera amatha kukhoza bwinobwino mwa njira imeneyi, n'kusankhidwa kupita ku sekondale, chonsecho sanayankhulepo ziganizo zitatu zotsatizana za m'mutu mwake m'Chingerezi. Kunyumba ndi Chichewa, agogo mwina amaponyamo Chilhomwe, kutchalitchi ndi kumzikiti sikumveka Chizungu, pamsika ndiye osanena. Chingerezi wakhala akuchimva m'kalasi mokha, ndiponso chosakaniza.

Ndiye ana amenewa amakumana mu Fomu 1 kuchokera m'sukulu za pulayimale zosiyanasiyana. Wina wachokera ku sukulu ya pulayiveti kumene ankaimba nyimbo za Chizungu kuyambira ku mkaka. Wina wachokera kufupi ndi nyanja ya Chilwa kumene buku limodzi ankagwirizana anthu angapo. Onsewa akhala pa benchi imodzi, ndipo silabasi ndi imodzi.

Tsiku loyamba

Aphunzitsi ambiri a Chingerezi amayamba ndi chinthu chooneka chophweka: aliyense aimirire anene dzina lake, kumene akuchokera ndi chimene akufuna kudzakhala. Kwa munthu wongodutsa pawindo zimaoneka ngati kutaya nthawi. Si choncho. Pa mphindi 40 zimenezo mphunzitsi wodziwa ntchito amakhala akulemba m'mutu: uyu akuyankhula momasuka, uyu waloweza chiganizo cha mnzake wam'mbuyo, uyu mawu sakutuluka n'komwe. Mumva ana khumi otsatizana onse akuti akufuna kudzakhala nesi, osati chifukwa onse akulakalaka kudzagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha boma chili pano pa Migowi, koma chifukwa mawu akuti "nurse" ndi afupi ndipo woyamba uja wawanena osasekedwa.

Kenako pamabwera chimangirizo choyamba, nthawi zambiri chokhudza mwanayo mwini kapena m'mene holide yayendera. Chimenechi ndiye chofunika koposa pa teremu yonse, ndipo ndikupempha makolo kuti mukachione. Mphunzitsi wina amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri anandiuza kuti makope oyambawo amawaika milu itatu. Mulu woyamba ndi wa amene akulemba zomveka ngakhale muli zolakwika. Wachiwiri ndi wa amene akudziwa mawu koma chiganizo sichikuima. Wachitatu ndi wa amene angokopera funso lija kawiri katatu kuti tsamba lidzaze. Anati mulu wachitatuwo ukapanda kuthandizidwa teremu yoyamba, ambiri mwa iwo amangokhala chete mpaka Fomu 2, kenako amayamba kujomba.

Zolakwika zimene si umbuli

Pali zolakwika zina zimene pafupifupi mwana aliyense wa kuno amachita, ndipo chifukwa chake si kupusa. Ndi Chichewa chimene chikuyankhula mkati mwa Chingerezi. Mphunzitsi akazidziwa amazikonza msanga. Akapanda kuzidziwa amangolemba mizere yofiira.

Tiyambe ndi makutu. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha: a, e, i, o, u. Chingerezi chimalembedwa ndi zilembo zomwezo koma pakamwa mavawelo ake amaposa khumi. Ndiye mawu anayi osiyana, "hat", "hut", "heart" ndi "hurt", kwa mwana wathu onse amamveka "hati". Mphunzitsi akamalembetsa mawu pakamwa, mwanayo amalemba limene analiwonapo. Chimodzimodzi "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool". Nanga l ndi r? M'Chichewa ndi liwu limodzi, kusiyana kwake n'kwa kalembedwe chabe, n'chifukwa chake kaya mutchule "kulira" kaya "kulila" aliyense akumvani. M'Chingerezi "pray" ndi "play" ndi zinthu ziwiri, ndipo mwana amene walemba kuti Lamulungu amapita kutchalitchi kuka-"play" wataya malikisi asakudziwa chimene walakwa. Komanso mawu athu onse amathera ndi vawelo, ndiye lilime limakana kuima pa konsonanti: "and" amasanduka "endi", "sick" amasanduka "siki".

Tsono galamala. Ife timati "iye" kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ndiye musadabwe kuwerenga "my mother he is a farmer". Tilibe timawu ta "a" ndi "the", ndiye mwana amatisiya kapena kutimwaza paliponse ngati mchere. Timati "ndibwereke cholembera" potanthauza kuti undipatse, n'chifukwa chake "borrow me your pen" siitha m'makalasi mwathu. Mneni wathu "kumva" amagwira ntchito zambiri: timamva mawu, timamva ululu, timamva fungo, timamva njala. Mwana akalemba "I am hearing pain" wamasulira molondola ndithu kuchokera m'mutu mwake. Ndipo ija yotchuka: munthu akutuluka pakhomo n'kunena kuti "I am coming", chifukwa kwathu kuno "ndikubwera" ndi ulemu wa munthu amene akuchoka pang'ono.

Imene imandisangalatsa ine ndi ya kuyankha funso lokana. Mukafunsa kuti "Sunadye?" mwana amayankha "Eee", kutanthauza kuti zoona, sindinadye. M'Chingerezi yankho la "Haven't you eaten?" likhala "No" ngati sunadye. Aphunzitsi ndi ana akhala akusemphana pamenepa kwa zaka zambiri, mphunzitsi kuganiza kuti mwana wamaliza ntchito pamene mwanayo akuvomereza kuti sanamalize.

Pamwamba pa zonsezi pali masipelo. Chichewa chimalembedwa m'mene chimamvekera. Mwana amene anazolowera zimenezi akakumana ndi "though", "through" ndi "tough", zilembo zofanana koma katchulidwe katatu, amaona ngati akumupusitsa dala.

Ndadikha pa zimenezi chifukwa ndi zochizika. Mndandanda wake si wautali, ndipo mphunzitsi amene wapatula masabata oyamba kuwaonetsa ana kuti "apa Chichewa chimatere, Chingerezi chimatere" amapulumutsa malikisi a zaka zinayi. Koma kuti achite zimenezi ayenera kutchula Chichewa m'kalasi ya Chingerezi, ndipo apa ndi pamene pamayambira mkangano.

Za "English speaking" ndi zibalo

Teremu ikangoyamba, sukulu zambiri zimalengeza pa asembule kuti pa sukulu pano chiyankhulo ndi Chingerezi basi, wopezeka akuyankhula "vernacular" alandira chibalo. Makolo timaombera m'manja chifukwa zimamveka ngati sukulu yolimba. Ine ndinadutsamo m'lamulo limeneli. Pa sukulu imene ndinaphunzira panali kathabwa kamene ankakupatsa ukagwidwa ukuyankhula Chichewa, ndipo iwe umayenera kusaka mnzako woti umupatsire. Amene kamugonera ankatchetcha udzu mawa lake. Chimene tinaphunzira si Chingerezi. Tinaphunzira kukhala chete, ndi kunong'onezana kuseri kwa zimbudzi. Amene ankayankhula Chizungu kale ndi amene ankayankhulabe, enafe tinangotseka pakamwa.

Cholinga cha lamuloli n'chabwino, chifukwa chiyankhulo sichilowa popanda kuchiyankhula, ndipo mwana wa kuno alibe kwina kokachiyesera. Vuto ndi lakuti chibalo chimalanga kuyankhula Chichewa koma sichiteteza amene akuyesa Chingerezi n'kuphonya. Mwana wa Fomu 1 saopa kutchetcha ngati m'mene amaopera kusekedwa. Akangonena "he" m'malo mwa "she" kalasi yonse n'kufa ndi phwete, ameneyo sadzakwezanso mkono mpaka Disembala. Atsikana ndiye amavutika kwambiri, poti dzina lachipongwe likangokumata sabata yoyamba limakutsata mpaka kumsika. Mphunzitsi amene walamula tsiku loyamba kuti m'kalasi mwake wolakwitsa sasekedwa, n'kulisungadi lamulolo, wachita zambiri kuposa kathabwa kaja.

Makolo ena amati vuto lonse ndi Chichewa cha ku pulayimale, akanangoyamba ndi Chizungu mu Sitandade 1 bwenzi zonse zili bwino. Nkhaniyi inafufuzidwapo. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayerekeza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Nthawi imeneyo ku Zambia ana ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, pamene kuno zaka zinayi zoyamba zinali za Chichewa. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo chawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Kunena kwina, a ku Zambia anataya chawo osapindula cha eni. Mwana amene amawerenga bwino Chichewa ali kale ndi luso la kuwerenga, chimene akusowa ndi mawu a Chingerezi. Amene sawerenga bwino chiyankhulo chilichonse ndiye ali pa mavuto awiri.

Ndiponso tisamayembekezere zozizwitsa pa teremu imodzi. Jim Cummins, amene anafufuza za ana obwera ku Canada kuchokera m'maiko ena, anaonetsa kuti Chingerezi chochezera mwana amachitola pa zaka ziwiri, koma Chingerezi cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. Ndipotu amenewo ndi ana okhala pakati pa eni chiyankhulo tsiku ndi tsiku. Choncho mnyamata amene amatha kunena "what's up" ndi kutsatira mafilimu pa video show asakupusitseni kuti Chizungu anachimaliza. Chimene MANEB imafunsa ndi china: kusiyanitsa "state", "describe" ndi "explain", kufupikitsa ndime, kulemba manotsi, kulemba kalata ya ntchito.

Mawu, mawu, mawu

Chimene chimasowa kwambiri ndi kuchuluka kwa mawu amene mwana akuwadziwa. Paul Nation wa ku New Zealand, amene wathera moyo wake pa nkhani imeneyi, amati kuti munthu awerenge momasuka popanda womuthandiza ayenera kudziwa mawu 98 pa 100 aliwonse a pa tsambalo. Tangoganizani: mawu awiri okha achilendo pa 100. Akafika khumi, nkhani yasokonekera. Tsono tengani buku la Biology la Fomu 1, mumupatse mwana wanu ndime imodzi, adule mzere pansi pa liwu lililonse limene sakulidziwa. Mukawerenga mizereyo mudziwa pamene ali, osadikira lipoti la kumapeto kwa teremu.

Mawu saphunziridwa pokopera manotsi a galamala pa bolodi. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la "adverb" ndi mitundu yake yonse koma osatha kulemba kalata yopempha chilolezo. Mawu amabwera ndi kuwerenga zinthu zambiri zosavuta, ndipo apa ndi pamene sukulu zathu zoyendera zimapunduka. Ma CDSS ambiri anachokera ku malo a MCDE a maphunziro a pakalata amene boma linawasandutsa masekondale kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri anayamba opanda laibulale yeniyeni. Kumene mabuku alipo, nthawi zina amatsekeredwa m'kabati kuopa kuti abedwa. Mantha ake ndi omveka, koma buku lokhala m'kabati mpaka chiswe chilipeze silinathandize munthu. Ili ndi funso loyenera kufunsa pa msonkhano woyamba wa makolo ndi aphunzitsi: kodi mwana wa Fomu 1 amaloledwa kubwereka buku la nthano kupita nalo kunyumba? Ngati ayi, tingagwirizane chiyani kuti ziyambe kutheka?

Kufunika kwake kumaonekera ku Fomu 3, pamene mabuku a literature amafika. M'zaka zapitazi ana a MSCE akhala akuwerenga Macbeth ya William Shakespeare ndi The Pearl ya John Steinbeck. Akuluakulu ena mukukumbukira Romeo and Juliet ndi Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza. Chingerezi cha Shakespeare ndi cha zaka zoposa 400 zapitazo, chimavuta ngakhale ana a ku England. Mwana amene sanamalizepo kabuku kalikonse mu Fomu 1 ndi 2 sangayambire pamenepo. Amathawira ku timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho, kuloweza mayina a anthu a m'nkhani imene sanaiwerenge. Funso likangotembenuzidwa pang'ono, zathera pomwepo.

Masabata amene timataya tokha

Tsopano mbali imene ikutikhudza ife makolo mwachindunji. Kalendala imati teremu yayamba, koma ana ambiri amayamba sabata yachiwiri kapena yachitatu. Zifukwa tikuzidziwa: yunifolomu sinasokedwe, nandolo sanagulidwe, mwana anapita kwa amalume ake, kapena mawu aja akuti "sabata yoyamba saphunzira, amangosesa". Ena amabwera mochedwa osati mwa kufuna kwawo, koma chifukwa dzina lawo latuluka pa chisankho chachiwiri. Pa maphunziro ena wochedwa amabwereka kope la mnzake n'kukopera manotsi. Pa Chingerezi palibe chokopera. Chimene anzake apeza pa masabata amenewo ndi kuzolowera mawu a mphunzitsi, kudziwa kuti akati "in pairs" akutanthauza chiyani, ndi kulimba mtima koyankhula. Wochedwayo amalowa m'kalasi imene aliyense wapeza kale malo ake, iye n'kukakhala kumbuyo.

Ndipo teremu yoyamba ndi imene ili ndi nyengo yabwino yophunzirira, ngakhale kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa kumagonetsa ana masana. Mvula ikayamba, mitsinje yochokera ku Michesi ndi ku Mulanje ikadzaza, ana oyenda mtunda wautali amajomba, ena amatengedwa kukathandiza kumunda. Mu 2023 sukulu za kuno zinatsekedwa masabata angapo chifukwa cha Freddy, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sabata imene tataya mu Seputembala mwa dala sitidziwa ngati tidzaipeza mu Febuluwale.

Anzathu a ku Tanzania vuto ili ndi lalikulu kuposa kwathu, chifukwa pulayimale yonse ya boma amaphunzira m'Chiswahili n'kudzakumana ndi Chingerezi mu Fomu 1. Iwo anachita kukhazikitsa maphunziro apadera a masabata oyamba, otchedwa Baseline, pamene aphunzitsi a maphunziro osiyanasiyana amayamba aphunzitsa Chingerezi cha phunziro lawolo silabasi isanayambe. Sindikunena kuti zinawathera mavuto onse. Koma mfundo yake ndi yoona: Chingerezi cha Fomu 1 si katundu wa mphunzitsi mmodzi. Wa Geography akapatula mphindi zisanu kufotokoza mawu asanu atsopano asanayambe phunziro, wathandiza phunziro lake lomwe. Izi sizifuna chilolezo chochokera ku Lilongwe kapena ku ofesi ya maphunziro ya Shire Highlands. Mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi ake akhoza kungogwirizana mu stafu rumu.

Nanga kholo losadziwa Chizungu lichite chiyani?

Funso limeneli ndinalimva kwa mayi wina wogulitsa tomato, amene mwana wake wamkazi wasankhidwa chaka chino. Anati, "Achimwene, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye za Chizunguzo ndingazione bwanji?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, simufunika kuwerenga zimene walemba. Mungoyang'ana ngati muli inki yofiira."

Ndi zoona. Tsegulani kope la Chingerezi Loweruka lililonse. Ngati patha mwezi muli manotsi okhaokha, mulibe chimangirizo ngakhale chimodzi chimene mwana walemba yekha mphunzitsi n'kuchonga, pitani mukafunse mwaulemu. Mwina mupeza kuti mphunzitsiyo ali ndi makalasi anayi odzaza ndipo makope akumuchulukira. Pamenepo nkhani yake ndi ya komiti ya sukulu, osati yokalipirana pakhomo la kalasi. Koma mukhala mwadziwa.

Chachiwiri, muuzeni mwana akuwerengereni mokweza ndime imodzi ya m'buku lililonse la kusukulu, kenako akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerengazo. Akatha kufotokoza ndiye kuti wamva. Akayamba kuzungulira, kapena kunena kuti "zimenezi sizimasuliridwa", ndiye kuti wangotchula mawu. Apa simufunika digiri, inuyo ndi amene mukudziwa ngati Chichewa chakecho chikumveka.

Zowerenga zilipo kuposa m'mene timaganizira. Nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times imene mwakulungiramo usipa ili ndi Chingerezi chabwino kuposa timapamfuleti tambiri. M'nyumba zambiri muli Buku Lopatulika. Mukapeza Baibulo la Chingerezi chosavuta, mwana aziwerenga mutu womwewo uku ndi uku, nkhani imene akuidziwa kale imamuphunzitsa mawu popanda dikishonale. Wailesi ya MBC ndi Zodiak zimaulutsa nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Amvere zonse ziwiri tsiku lomwelo, aone mawu amene agwira. Ngakhale malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu kapena pa thumba la feteleza ndi phunziro, ndipo mukamufunsa kuti akuwerengereni amaona kuti Chizungu chake chili ndi ntchito pakhomo. Foni nayo ikhoza kuthandiza, koma tinene zoona, Chingerezi cha pa WhatsApp cha "gud nyt" chimalowa m'chimangirizo n'kudyetsa malikisi.

Ngati ndalama ya nandolo yatsalako pang'ono, dikishonale yaing'ono ndi yofunika kuposa chikwama chatsopano, ndipo imagwira ntchito mpaka mng'ono wake adzafike Fomu 1. Mayi wa tomato uja anandifunsa mtengo wake. Nditawauza anapukusa mutu, n'kunena kuti ayamba ndi za inki yofiirazo Loweruka likubwerali, dikishonale idikire kaye tomato wa mwezi wamawa.